Kachipinda ka Amayi Akuseri

Amayi akuseri ankakolopa chafutambuyo. Ankayambira pakona yakutali ya chipinda, atagwada, chikolopa m'manja, ndowa pambali, n'kumabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka zidendene zitagunda pakhomo. Akadzuka n'kusuzumira m'chipindamo, simenti yonse inkakhala ili waliwali, popanda phazi la munthu ngakhale limodzi. Ena amakolopa ngati akuthamangitsidwa, kupondanso pomwe akolopa kale, kenako n'kumadabwa kuti pansi pali mapazi okhaokha. Iwowa ayi. Anakolopa choncho m'nyumba imodzimodziyo kuyambira ali mtsikana mpaka mutu utayera imvi, ndipo khungu la m'maondo mwawo linali litauma gwa, lakuda bii.

Kuseri kwa nyumbayo, kupitirira khitchini, pafupi ndi chingwe choyanikira zovala, kunali kachipinda kawo. Tisanamizane, sikanali kachipinda kosiririka. Mukaima pakati n'kutambasula manja, munkatsala pang'ono kukhudza makoma onse awiri. Munali bedi lachitsulo, shelefu, misomali yopachikapo zovala, ndi kawindo koyang'ana kumpanda. Koma padziko lonse lapansi, malo amene iwo akanatha kutseka chitseko n'kunena kuti pano m'panga anali amenewa basi. Ndiye Adona, eni nyumba, atamwalira, ena ankalira maliro okha, iwo ankalira maliro ndi kachipindako pamodzi. Funso linali limodzi, ndipo linkawadya mumtima: kodi andisiya muno, kapena andichotsa?

Anafika pakhomopo ndi kachikwama m'manja, atasiya mwana woyamwa. Bambo wa mwanayo anali atathawa mimba isanaoneke n'komwe, monga achitira amuna opanda manyazi aja. Adona anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti ntchito ilipo, pogona palipo, koma mwana ayi, pakhomo pano sitifuna phokoso. Mwanayo anatsala m'manja mwa akulu awo, amene anali kale pabanja kutali ndi tauniyo. Iwo ankati ndi za miyezi yochepa chabe, ndikapeza poima ndidzamutenga. Poimapo sanapapeze, anapeza pogwada.

M'mawa wa tsiku loyamba Adona anaima pakhomo la pabalaza, manja m'chiuno, n'kuwayang'anitsitsa akukolopa.

"Iwe, ukuponda pomwe wakolopa! Yambira uko, uzibwerera m'mbuyo. Mlendo akalowa muno asadziwe kuti mwadutsa wantchito."

"Chabwino, Adona."

"Ndipo ndikuuziretu. Ine wantchito wa mafunso sindimufuna. Ukauzidwa chita, uzichita. Za m'nyumba muno zisamatuluke pageti, wamva?"

Anamva, ndipo zinawalowa m'magazi. Abwana, amuna a Adona, akabwera ataledzera n'kuswa mbale, iwo ankangotola zidutswa osafunsa chatsitsa dzaye. Adona akadzuka ndi diso lotupa, iwo ankauza alendo kuti Adona ali ndi chimfine, agona. Patapita zaka, khalidwe limeneli anayamba kulinyadira. Atsikana antchito a nyumba zina ankabwera n'kupita, ena kuthamangitsidwa chifukwa cha pakamwa, iwo ali pompo. Ankati munthu wodziwa malo ake sachotsedwa.

Pasanapite nthawi Adona anabereka mwana wamkazi, yekhayo amene Mulungu anawapatsa. Phokoso lija ankalikana linabwera ndithu, koma poti linali la eni nyumba, palibe analitcha phokoso. Amene ankamubereka kumsana, kumusambitsa, kuchapa matewera ndi kumuyendetsa dededee pakhonde anali wantchito uja, mabere ake asanaiwale n'komwe mwana wake. Kamwanako katayamba kulankhula kanasokonezeka, chifukwa kankaona amayi awiri. Ndiye kanadzipezera njira. Ogona m'nyumba yaikulu aja anali amayi, ogona kuseri aja anali amayi akuseri. Abwana anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi, ndipo dzinalo linamatirira. Msewu wonse, ngakhale wogulitsa pagolosale, ankawaitana choncho, dzina lawo lenileni linangotha lokha ngati sopo. Iwo mwanayo ankamutchula kuti Kadona.

Nanga wawo uja? Ankamuona pa tchuthi, tchuthicho chikapezeka. Akafika ndi timalaya takale ta m'nyumba ya Adona, mnyamatayo ankabisala kumbuyo kwa akulu awo aja, n'kumawasuzumira ngati mlendo wodzabaya jakisoni. Akulu awowo ndi amene ankawatchula kuti amayi. Amayi ake omubala ankawatchula kuti amayi aang'ono, ndipo palibe anamuwongola, poti ana ena onse a pakhomopo ankawaitana choncho. Atakula choonadi anachidziwa, koma lilime silinasinthe. Anakhala makaniko, anakwatira, ndipo pa ukwati wake amayi ake omubalawo anapezeka ali kuseri akutsuka mbale. Palibe anawatuma, ndipo palibe anawauza kuti asiye. Zinkawapweteka, inde. Uku amayi akuseri, uko amayi aang'ono, mawu oti amayi okhaokha opanda chowonjezera sanawamvepo akunenedwa kwa iwo.

Tsiku lina Kadona, ali kale ku koleji, anabwera pa tchuthi n'kukhala pamwamba pa tebulo la kukhitchini, miyendo ili lendelende, buledi m'dzanja, chibuku chachikulu pamwendo. Amayi akuseri anali atagwada akukwecha pansi pa sinki.

"Amayi akuseri, mukudziwa? M'Chingerezi muli liwu la ntchito ngati yanuyi, lakuti menial. Masiku ano akalinena ndiye kuti ntchito yonyozeka, yosafuna sukulu, yoti aliyense angagwire."

"Ndiye wabwera kuchokera kusukulu konseko kudzanditukwana m'chizungu?"

"Ayi, tamverani kaye! Liwuli linachokera ku liwu lakale la Chifalansa lotanthauza anthu onse a pakhomo, okhala m'nyumba imodzi. Kale silinali chipongwe, linkangotanthauza kuti wa pakhomo. Ndiye inu ndinu wa mtundu wakalewo. Ndinu wa pakhomo pano."

"Tsika patebulopo, anthu amadyera pamenepo," anatero iwo. Koma nkhope anali ataibisa pansi pa sinki, akumwetulira.

Liwu lachizungulo analiiwala dzuwa lisanalowe. Mawu oti wa pakhomo pano aja ndi amene anawasunga, ndipo anakafika nawo kumpanda, kwa Akhukhi. Akhukhiwa anali bambo wachikulire wophika m'nyumba yoyandikana nayo, munthu wa nthabwala zoluma, amene anatumikira mabwana ambiri n'kuwaona onse akupita.

"Ndiye mwati liwulo linayamba ndi ulemu n'kukathera kuchipongwe?" anafunsa Akhukhi, akusenda anyezi. "Ee, ndiye ndi ulendo wa tonsefe umenewo, mayi. Inu panopa mwafika pati?"

"Inu Akhukhi, pakamwa panupo padzakuphetsani."

"Ine wa pakhomo ndimamudziwa ndi mpando. Munakhalapo pa sofa ya Adona?"

Amayi akuseri anabwerera kuntchito yawo. Zaka zonsezo masofawo ankangowakuntha fumbi, kukhalapo ayi, ngakhale eni ake atachoka.

Abwana anamwalira, chiwindi chitatopa nawo. Kadona anakwatiwa n'kupita kumzinda wina wakutali. Kenako Adona anagwa m'bafa, mbali imodzi n'kufa ziwalo, pakamwa n'kupindika. Amayi akuseri, msana wawo utayamba kale kuvuta, ankawanyamula, kuwasambitsa, kuwatembenuza kuti asachite zilonda, kuwadyetsa ndi supuni, kutaya zonyansa. Mayi uja ankaima manja m'chiuno tsopano ankalira akachedwa kumuona wantchito wake. Kadona ankaimba foni, n'kumati, "Amayi akuseri, popanda inu ine n'kanatani?" Ndipo ankanena zochokera pansi pa mtima, tisamunamizire. Adona atatsirizika, amene anawatseka maso anali amayi akuseri.

Maliro atatha, Kadona anawakumbatira pageti, misozi ili chuchuchu.

"Musade nkhawa, inu ndinu wa pakhomo pano. Ndikaganiza chochita ndidzakuuzani."

Galimoto inapita, geti linatsekedwa, pakhomo panangoti zii. Iwo anapitiriza monga mwa masiku onse. Ankadzuka m'mamawa, kutsegula mawindo, kusesa, kukolopa zipinda zopanda munthu, kenako n'kukadyera kukachipinda kwawo, mbale ili pamwendo. Foni ikalira mtima unkadumpha. Kuti aimbe okha n'kufunsa kuti mwanawe, waganiza zotani za ine, zimenezo sakanatha. Ankaopa kuti funso lenilenilo ndi limene lingakumbutse anthu kuti kuseri kuli nkhalamba yodya zaulere.

Nyumbayo nayo inali itakalamba, ndipo matenda ake ankawadziwa ngati a mwana wawo. Khoma la chipinda chachikulu linkatuluka chinyontho nthawi ya mvula, penti n'kumatupa, nkhungu n'kuchita bii kuyambira pansi mpaka m'chiuno. Siling'i ya panjira yopita kubafa inali ndi banga lalikulu pomwe denga linkadontha. Kuseri kwa kabati ya pabalaza kunali mng'alu wolowa chala. Adona ali moyo, zimenezi zinkabisidwa ndi mipando ndi makatani kuti alendo asaone.

Mvula itatha, kunja kutauma, Kadona anaimba.

"Amayi akuseri, kumapeto kwa mwezi uno ndikubwera, ndipo ndibwera ndi anthu. Nyumba ioneke bwino, mwamva? Ndatuma munthu abweretse penti ndi laimu. Paja khoma lija, muone chochita."

Anthu ati? Funsolo linakwera mpaka pakhosi. Analimeza.

"Chabwino, mwana wanga. Udzapeza zonse zili m'malo."

Foni itadulidwa anakhala pabedi n'kuyamba kudziyankha okha. Anthu ake angakhalenso ndani, si mwamuna wake ndi ana? Munthu angawonongere penti nyumba yoti sakhalamo? Akubwerera kwawo, basi. Ana aja adzafuna wowasambitsa, wowakonzera chakudya, wowaperekeza pageti. Mtima unakhala m'malo koyamba chimwalirireni Adona, ndipo anathamangira kumpanda ngati mtsikana.

Akhukhi anamvetsera mpaka kumapeto, osaseka.

"Wanena kuti ndibwera ndi ana, kapena ndi anthu?"

"Ana si anthu?"

"Mayi, imbaninso mufunse. Foni siluma."

"Ine sindinayambe ndafunsapo pakhomo pano, ndiyambe lero ndi imvizi?"

"Mbuzi yanga ndikamaisambitsa," anatero Akhukhi, "ndiye kuti mawa kuli msika."

Amayi akuseri anapsa mtima n'kuwasiya pampandapo, ndipo sanawalankhule mlungu wonse. Koma abale, ntchito imene anagwira masiku amenewo! Anapala khoma lija ndi mpeni wakale mpaka nkhungu yonse itachoka, zala zikutuluka magazi. Anayatsa mbaula n'kuiika pafupi ndi khomalo masiku angapo kuti liume, kenako n'kupaka penti, kudikira, kupakanso, mpaka linayera mbee. Mng'alu uja anautseka ndi simenti yokanda m'beseni lochapira, n'kusalaza ndi supuni. Anakoka tebulo, kuikapo mpando pamwamba, n'kukwera, nkhalamba yathunthu, burashi m'manja, kuti afike pa banga la siling'i. Anatsetsereka kamodzi n'kugwera chiuno, anagona pansi kanthawi akuona nyenyezi masana, kenako anadzuka n'kukweranso. Makatani anachapa, mawindo anapukuta, pansi anapaka polishi. M'chipinda chakale cha Kadona anayala timabulangete, ndipo anatulutsa chidole chake chakale cha diso limodzi, kuchichapa, n'kuchikhazika papilo kuti adzukulu adzachipeze.

Laimu atatsalako, anati nanga kanga kalakwanji? Anatulutsa bedi panja, anazula misomali, anatseka mabowo, n'kupaka kachipindako mkati monse. Mwaye wa nyali wa zaka zonse zija unafufutika, ndi mzere wakuda uja pakhoma pomwe mutu wawo unkatsamira. Akhukhi anasuzumira pampanda, anapukusa mutu, n'kubwerera kumapoto awo.

Tsikulo linafika. Amayi akuseri anavala diresi lawo la kutchalitchi n'kuima pakhonde. Chakumasana geti linatseguka, ndipo panalowa galimoto ziwiri. M'yoyamba munatuluka Kadona yekha. M'yachiwiri munatuluka bambo wina wa chipewa ndi mkazi wake wa magalasi. Iwo anapitiriza kuyang'ana zitseko zakumbuyo, kudikira kuti mutuluka ana. Simunatuluke munthu.

Kadona anawakumbatira mwachangu, maso ali kwina.

"Awa ndi amayi akuseri, anandilera ndi amenewa. Tiyeni, lowani muone."

Amayi akuseri anawatsatira m'mbuyo, manja atapinda pamimba. Mayi wa magalasi uja anatsegula kabati ya kukhitchini n'kununkhiza mkati. Anatsegula mpopi, kuutseka, kuutsegulanso. Bambo wa chipewa ankagogoda makoma ndi chala, n'kumayenda kuchoka pakona kufika pakona, akutambasula miyendo. Mlendo satsegula makabati a eni ake. Mlendo sagogoda makoma. Mbuzi ija inali itafika pamsika, ndipo woisambitsa anali amayi akuseri.

Atalowa m'chipinda chachikulu, mayi wa magalasi anaima n'kuyang'anitsitsa khoma lija.

"Nyumbayi ndaikonda, sindinama. Koma mng'ono wanga anakhalapo mumsewu uno, ndipo akuti nyumba za kuno zimatuluka madzi m'makoma. Ine nyumba yachinyontho sindigula, ngakhale mutandinyengerera bwanji."

"Aa, ino ayi," anatero Kadona, mawu akuthamanga.

"Inu ndinu wogulitsa, simunganene zina," mayiyo anaseka. Kenako anatembenuka. "Agogo, inu ndi amene mukuidziwa nyumbayi. Tandiuzeni zoona, khoma ili limatani nthawi ya mvula?"

Amayi akuseri anaona zonse bwinobwino, ngati munthu wawayatsira nyali. Akangonena kuti limanyowa, anthuwa akwera galimoto yawo. Ena akadzabwera, mvula idzakhala itayamba, khoma lidzadzinenera lokha. Nyumba yosagulika imafuna woisunga, ndipo woisungayo agona kuti ngati si kuseri? Sankafunika kunama, abale. Ankangofunika kunena zoona, zoona zimene afunsidwa pamaso pa anthu, kachipinda kawo n'kukhala kawo.

Anayang'ana Kadona. Mzimayi wamkulu, wa ana ake, koma maso ake anali omwe aja a tsiku limene anaswa kapu ya Abwana ali kamwana, n'kuthawira kukhitchini kuti amayi akuseri anene kuti aswa ndi iwo. Ndipo m'chipinda chomwechi ndi mmene Adona anagona mpaka kufa. Za m'nyumba muno zisamatuluke pageti. Moyo wawo wonse anali asananenepo choipa cha nyumba iyi kwa mlendo, ndipo lilime silinadziwe poyambira.

"Khoma ndi limeneli, mayi," anatero chapansipansi. "Ligwireni nokha."

Mayi wa magalasi anaika chikhatho pakhomapo. Linali louma, losalala, lozizirira bwino. Anayang'ana mwamuna wake n'kugwedeza mutu, ndipo bamboyo anavula chipewa n'kupatsa Kadona dzanja.

Pomaliza anazungulira kuseri. Mayiyo anakankha chitseko cha kachipinda kaja, fungo la laimu n'kuwalandira.

"Ii, kabwino bwanji! Ine ndimayesa kadzakhala kauve. Muno tiziikamo makatoni ndi njinga za ana. Wantchito wathu amachita kuyendera, sagona pakhomo."

Anthuwo atapita, Kadona anawapeza kukhitchini akutsuka makapu oti sanamwerepo munthu.

"Amayi akuseri, takhalani pansi."

"Ndili bwino pompano."

Kadona anayamba kulira. Anati nyumbayi sangaisunge, ili kutali, ikungowonongeka. Anati akanakonda kuwatenga, koma kumene akukhalako n'kothina, ndipo ali kale ndi mtsikana wantchito amene ana anamuzolowera. Anati wakhala akusowa tulo chifukwa cha nkhani imeneyi, ndipo mwina zinali zoona.

"Ine ndimayesa mwadziwa. Nditanena za penti, ndimadikira kuti mundifunsa. Mukanafunsa ndikanakuuzani."

Amayi akuseri anapukuta kapu, anaiika pashelefu, anatenga ina.

"Komanso mwatopa, amayi akuseri. Muli ndi mwana wanu, si choncho? Nthawi yakwana yoti mukapume, akusamaleni. Tiyeni timuimbire pompano. Ndipo m'nyumba muno tengani chilichonse chimene mukufuna, ngakhale sofa ya amayi ija."

Sofa! Akaiika pati, pamutu? Analandira foni ndi manja awiri. Kumene inalirako kunkamveka zitsulo ndi injini, ndipo makaniko uja anachita kukuwa.

"Ndani? Oo, amayi aang'ono! Kwagwanji?"

Anafotokoza mwachidule.

"Mmm. Ndiye zavuta. Mukudziwa kuti chipinda chinacho mukugona amayi, miyendo yawo ija inafooka. Ana akugona pabalaza." Anapumira m'mwamba. "Koma bwerani, tingatani. Kuseri kuli kachipinda kosungiramo makala, tikasesamo. Ndipo mwina zakhala bwino, mayi a kunyumba ayamba geni, akhala akudandaula kuti akusowa wowathandiza ntchito za pakhomo. Inu zimenezo ndiye mumazitha."

"Zikomo, bambo," anatero amayi ake.

"Mwaona?" anatero Kadona, akupukuta misozi, nkhope itamasuka. "Ndinakuuzani kuti musade nkhawa."

M'mawa wa tsiku lochoka, lole inaima pakhomo lakutsogolo, amuna akutulutsa masofa, makabati ndi mabedi, nsapato zawo zikusiya matope pa polishi uja. Bedi lachitsulo nalo analikweza, poti linali la nyumba. Katundu wa amayi akuseri anakwana m'chikwama ndi m'kathumba. Akhukhi anazungulira okha kudzera pageti, chinthu chimene sanachitepo, n'kunyamula chikwamacho.

"Mukadanena, mayi," anatero, osawayang'ana. "Ndinamva zonse ndili pampanda, mawindo anali otsegula. Mawu amodzi okha."

"Akhukhi, ndisiyeni."

"Ndakusiyani. Tiyeni ndikuperekezeni pokwerera basi."

"Tsogolani, ndikupezani pageti. Sindingasiye chonchi."

Amuna onyamula bedi aja anali ataponda m'kachipindamo. Amayi akuseri anatunga madzi m'ndowa, anapinda diresi la kutchalitchi kuti lisanyowe, n'kugwada pakona yakutali, pomwe kunkakhala kumutu kwa bedi. Chiuno chija anagwera chinkabaya ngati singano. Anafinya chikolopa n'kuyamba. Panali timabanga ta dzimbiri pomwe miyendo ya bedi inkaponda, anatikwecha mpaka tinachoka. Panali phula la kandulo pansi pa windo, analipala ndi chikhadabo. Misozi inkagwera pa simenti, ndipo chikolopa chinkaitenga pamodzi ndi fumbi. Anabwerera m'mbuyo, kukoka ndowa, kubwereranso, mpaka zidendene zinagunda pakhomo, ndipo anatulukira panja ali chigwadire.

Anatsuka ndowayo n'kuivundikira pamalo pake. Chikolopa anachichapa n'kuchiyanika pachingwe, poti nacho chinali cha nyumba. Akutembenuka anapeza mayi wa magalasi uja ataima pambuyo pawo, atabwera kudzalandira makiyi. Amayi akuseri anamasula kachingwe ka m'chiuno, anachotsa kiyi wa kachipindako, n'kuupereka ndi manja awiri.

Mayiyo anasuzumira mkati. Makoma anali mbee, simenti ili waliwali, popanda msomali, popanda phazi.

"Koma agogo, ntchito mumaitha!" anatero mosangalala. "Muli ngati simunakhalepo munthu muno."

"Zikomo, mayi," anayankha amayi akuseri, n'kutola kathumba kawo.